KODI UDIKONI NDI UDINDO WOKHAZIKITSIDWA M'MALEMBO OYERA?

Nkhani yokambidwa pa chikondwerero cha zaka 100 za parishi



Nkhalamba ikakhuta masiku imakhala pansi ndi kuwerenga ana ndi adzukulu ake. Parishi nayonso, ikafika pa zaka 100, iyenera kukhala pansi ndi kukumbukira anthu amene adaisenza kufikira lero. Maina a ena aoneka m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati, popeza iwo adali ansembe osaina mabukuwo. Koma ambiri sadasaine paliponse, ngakhale kuti ndiwo adaliza belu, adaphunzitsa katekisimu, adayendera odwala ndi kuika maliro. Pokumbukira anthu amenewa pabuka funso limene lamveka kawirikawiri m'miphakati ya ku Tsangano ndi ku Macanga: kodi udikoni ndi udindo weniweni wopezeka m'Malembo Oyera, kapena ndi chinthu chimene Eklezia adaonjeza pambuyo pake? Ndipo ngati ndi udindo, nanga iwo amene adagwira ntchito zake popanda dzinalo atchedwa yani?

1. Kumene funsoli lichokera

Funsoli lili ndi mizu itatu. Muzu woyamba ndi zimene maso aona. Dikoni amene Akhristu a kuno amdziwa ndi mnyamata wa ku seminale, wovala stola yopingasa kuchokera pa phewa lamanzere, amene awerenga Mthenga Wabwino pa Misa ndi kubatiza ana, ndipo patapita miyezi yowerengeka adzozedwa unsembe. Tsono anthu ayesa kuti udikoni ndi khonde chabe, poima munthu asanalowe m'nyumba.

Muzu wachiwiri ndi Baibulo la Chichewa. Ambiri adakula akuwerenga Buku Lopatulika, limene lidatuluka m'zaka za m'ma 1920, ndipo m'menemo, pamene Chipwitikizi chinena diácono, apeza liu loti mtumiki. Pocheza ndi abale a mipingo ina, monga a Reformada amene adayamba ntchito yao ku Mphatso mu 1909, apeza kuti kumenekonso kuli atumiki kapena madikoni, osankhidwa ndi mpingo kuti aziyang'anira zopereka ndi kuthandiza osauka. Ena mpaka anena kuti m'Baibulo mulibe udindo wa dikoni, muli kutumikira kokha kumene Mkhristu aliyense ayenera kuchita. Mkatolika wosadziwa Malembo angokhala chete, manyazi atamgwira.

Muzu wachitatu ndiwo wozama kuposa yonse, ndipo ndi zaka za nkhondo, pamene midzi yambiri idakhala nthawi yaitali osaona wansembe. Za zimenezi zinenedwa pambuyo. Poyamba kuyenera kuona Malembo modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

2. Liu lenilenilo

Chipangano Chatsopano chidalembedwa m'Chigriki, ndipo liu limene lidabala dzina loti dikoni ndi diakonos. Liuli lipezekamo pafupifupi ka 30. Sildali liu la m'nyumba yopemphereramo ai, koma la masiku onse: lidatanthauza munthu woperekera zakudya, kapena wotumidwa ndi wina kukagwira ntchito m'dzina lake.

Pa ukwati wa ku Kana, anyamata amene adadzaza mitsuko ndi madzi atchedwa ndi liu limeneli (Yohane 2:5). Paulo Woyera alitchula ponena za wolamulira dziko, amene ali mtumiki wa Mulungu posunga chilungamo (Aroma 13:4). Adzitcha nalo iye mwini pamodzi ndi Apolo (1 Akorinto 3:5), ndipo atcha nalo ngakhale Khristu amene (Aroma 15:8). Ambuye Yesu, pophunzitsa Apostoli amene adali kulimbirana ukulu, adati wofuna kukhala wamkulu ayenera kukhala diakonos wa anzake (Marko 10:43). Mpongozi wa Petro atachira malungo adadzuka nayamba kutumikira alendo, ndipo mneni wake ndi wa muzu womwewo (Marko 1:31).

N'zoonekeratu kuti anthu onsewa sadali madikoni a Mpingo. Choncho abale amene anena kuti liuli litanthauza mtumiki sanama, ndipo amene adamasulira Baibulo sadalakwe. Koma nkhani siithera pamenepo, pakuti liu wamba limatha kusanduka dzina la udindo, osataya tanthauzo lake loyamba. Chichewa chomwe chichitira umboni. Mwamuna aliyense wobereka ndi bambo, koma Mkhristu akati Bambo afika, onse adziwa kuti anena wansembe. Munthu aliyense wa imvi ndi mkulu, koma mkulu wa mpingo ndi munthu wosankhidwa. Aliyense angathe kulangiza banja limene layambana, koma nkhoswe ndi wodziwika, ndipo mlandu suyamba iye asanafike. Tsono funso loyenera ndi ili: kodi alipo malo m'Malembo pamene liu loti diakonos laleka kunena za wotumikira aliyense, ndi kuyamba kunena za anthu opatulidwa?

3. Pamene liu lisanduka dzina la udindo

Malo otere alipo awiri osakayikitsa.

Oyamba ndi chiyambi cha kalata ya Paulo kwa Afilipi (1:1), imene adailemba ali m'ndende. Popereka moni, Mtumwiyo atchula Akhristu onse a mu mzindawo, kenaka atchula padera magulu awiri, oyang'anira ndi atumiki, m'Chigriki episkopoi ndi diakonoi. Liuli likadatanthauza wotumikira aliyense, sikukadafunika kuwatchula padera, popeza adali atawapatsa kale moni pamodzi ndi onse. Ndiponso Paulo salongosola kuti anthuwa ndi yani, chifukwa Afilipi adali kuwadziwa bwino. Izi zisonyeza kuti pasanathe zaka 35 Ambuye ataukanso, mpingo wina udali kale ndi anthu odziwika ndi dzina limeneli, oima pambali pa oyang'anira.

Malo achiwiri ndi kalata yoyamba kwa Timoteo, mutu 3. Ndime 1 mpaka 7 zinena za makhalidwe a woyang'anira, ndipo ndime 8 mpaka 13 zinena za makhalidwe a madikoni. Dikoni akhale munthu wolemekezeka, wosanena pawiri, wosaledzera, wosakonda phindu lonyansa, wosunga chikhulupiriro ndi mtima woyera, mwamuna wa mkazi mmodzi, wodziwa kulera ana ndi kuyendetsa banja lake. Koposa zonse, ndime 10 ilamula kuti ayambe wayesedwa, ndipo akapezeka wopanda chifukwa, pamenepo ayambe kutumikira.

Apa ndipo pagona nkhani. Munthu sayesedwa asanapatse mlendo madzi akumwa, ndipo mai safufuzidwa asanaphikire odwala phala. Kumene kuli kuyesa kuli khomo, ndipo kumene kuli khomo alipo olowa ndi otsala kunja. Umenewo ndiwo udindo. Akatswiri ambiri a Malembo aganiza kuti kalatayi idalembedwa ndi wophunzira wa Paulo chakumapeto kwa zaka 100 zoyamba, pamene ena agwiritsa kuti ndi ya Paulo mwini. Zimenezi sizisintha kanthu, pakuti kalatayo ili m'Malembo Oyera, ndipo ionetsa udindo umene udali utakhazikika kale.

Komabe chilungamo chifuna kuti zinenedwenso zimene Malembo sanena. Kalatayi ilongosola makhalidwe a dikoni, koma silemba mndandanda wa ntchito zake. Ntchitozo zingoonekera m'makhalidwemo: woletsedwa dyera ndiye kuti adali kugwira chuma cha mpingo, ndipo woletsedwa kunena pawiri ndiye kuti adali kulowa m'nyumba za anthu ndi kumva zinsinsi zao. Ndiponso nthawi imeneyo maina a maudindo adali asanakhazikike monga lero. Pa Ntchito 20:17 ndi 28, anthu omwewo atchedwa akulu natchedwanso oyang'anira, ndipo chimodzimodzi pa Tito 1:5-7. Masitepe atatu a episkopi, wansembe ndi dikoni ali m'Malembo monga mtengo uli mu mbeu yomera: tsinde laoneka, koma nthambi zisanatambasuke.

4. Amuna asanu ndi awiri a ku Yerusalemu

Akhristu ambiri akafunsidwa za chiyambi cha udikoni athamangira ku Ntchito 6:1-6. Mu mpingo wa ku Yerusalemu mudabuka kudandaula. Ayuda olankhula Chigriki adaona kuti akazi ao amasiye adali kuiwalika pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Apostoli khumi ndi awiri adasonkhanitsa mpingo, nanena kuti sikuyenera kuti iwo asiye mau a Mulungu chifukwa cha kugawa chakudya. Mpingo udasankha amuna asanu ndi awiri: Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmenasi ndi Nikolasi wa ku Antiokia. Apostoli adapemphera nawasanjika manja.

Wowerenga mosamala aona chinthu chodabwitsa: Luka sawatcha amunawa madikoni. Atchula kutumikira kwa pa gome ndi kutumikira kwa mau, koma dzina loti diakonos salipereka kwa iwo. Pambuyo pake, ponena za Filipo, amutcha mlaliki ndi mmodzi wa asanu ndi awiri aja (Ntchito 21:8). Ndiponso ntchito zimene Luka asimba za iwo si za chakudya ai. Stefano alalika pamaso pa bwalo lalikulu naponyedwa miyala, ndipo Filipo alalika ku Samariya nabatiza nduna ya ku Etiopia.

N'chifukwa chake ngakhale akuluakulu a Eklezia sadamve chimodzimodzi. Ireneu Woyera wa ku Lyon, cha m'ma 180, adatcha Stefano dikoni woyamba, ndipo mwambo wa Eklezia udatsata iyeyo, kotero kuti pemphero lodzozera madikoni likumbutsa asanu ndi awiriwo kufikira lero. Koma João Crisóstomo Woyera, polalika za ndime zomwezi, adakayika ngati udindo wao udali wofanana ndi wa madikoni a nthawi yake. Tsono Mkatolika asachite mantha wina akamuuza kuti dzinalo mulibe m'mutu umenewu. N'zoona mulibe. Chimene chilimo ndi maonekedwe a udindo: kusowa kwa anthu, kusankha kwa mpingo, makhalidwe ofunika, pemphero, ndi kusanjika manja kwa Apostoli.

M'nkhaniyi muli phunziro lina loyenera dziko lino. Maina onse asanu ndi awiri ndi a Chigriki, ndipo zioneka kuti mpingo udapereka nkhokwe m'manja mwa anthu a mbali imene idadandaula. Amene adaona kugawa kwa thandizo m'zaka zotsata 1992, pamene obwerera kuchokera ku Malawi adakumana ndi amene adatsala, adziwa m'mene thumba limodzi la chimanga lithera kugawanitsa mudzi. Apostoli sadakalipire amasiye kuti aleke kudandaula. Adavomera kuti mutu umodzi susenza denga, nagawa ntchito.

5. Febe ndi akazi otumikira

Pa Aroma 16:1-2, Paulo ayamikira mai wina dzina lake Febe, namutcha diakonos wa mpingo wa ku Kenkrea, doko la pafupi ndi Korinto. Apempha Aroma kuti amlandire bwino, popeza adathandiza ambiri, ndi Paulo yemwe. Ambiri akhulupirira kuti ndiye adanyamula kalatayo. Popeza dzinalo lamangirizidwa ku mpingo wa malo amodzi, akatswiri ambiri aona kuti Febe adali ndi udindo wodziwika, pamene ena ati Paulo angomuyamikira ngati wotumikira wokhulupirika. Chimodzimodzi 1 Timoteo 3:11 itchula akazi pakati penipeni pa malangizo a madikoni, ndipo kuyambira kale ena amva kuti ndi akazi a madikoni, ena kuti ndi akazi otumikira mwa udindo wao.

Mbiri isonyeza kuti m'mipingo ya kuvuma mudalidi akazi otchedwa madikoni, amene adali kuthandiza pa ubatizo wa akazi ndi kuyendera akazi odwala. Msonkhano wa ku Calcedónia mu 451 udalamula kuti mkazi asalandire udindowu asanakwane zaka 40. Ngati udindo wao udali sakramenti lofanana ndi la amuna, ndilo funso limene malemu Papa Francisco adaikira mabungwe ofufuza mu 2016 ndi mu 2020. Lamulo la Eklezia likadali lakuti Sakramenti la Ukulu lilandiridwa ndi mwamuna wobatizidwa. Koma palibe angakane kuti kuyambira masiku a Paulo akazi adasenza gawo lalikulu la utumiki, monga momwe amai a m'miphakati asenzera lero.

6. Umboni wa zaka zoyamba

Amene adatsata Apostoli achotsa chikayiko chotsala. Buku lakale lotchedwa Didache lilangiza mipingo kusankha aepiskopi ndi madikoni. Clemente wa ku Roma, cha m'ma 96, polembera Akorinto, adati Apostoli ndiwo adaika aepiskopi ndi madikoni m'mizinda imene adalalikamo. Inácio Woyera wa ku Antiokia, pa ulendo wake wokaphedwa ku Roma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 100, adatchula masitepe onse atatu momveka, nachenjeza kuti madikoni si operekera zakudya ndi zakumwa chabe, koma atumiki a Mpingo wa Mulungu. Justino Woyera, cha m'ma 150, adasimba kuti Misa ikatha madikoni adali kunyamula Ukaristia kupita nao kwa amene sadathe kufika.

Mu 251 Papa Cornélio adalemba kuti Mpingo wa ku Roma udali ndi ansembe 46 ndi madikoni 7, ndipo udali kudyetsa amasiye ndi osauka opitirira 1,500. Mmodzi wa madikoni a mzindawo, Lourenço Woyera, adaphedwa pa 10 August 258. Mbiri yakale iti, atalamulidwa kupereka chuma cha Mpingo, iye adasonkhanitsa osauka ndi olumala nawaonetsa kuti chumacho ndi chimenecho. Vicente Woyera wa ku Saragoça, nkhoswe ya mzinda wa Lisboa, adalinso dikoni wofera chikhulupiriro. Ndipo mu Afrika momwe muno, Atanásio wa ku Alexandria adali dikoni pamene adaperekeza episkopi wake ku msonkhano wa ku Niceia mu 325.

7. Kuzilala ndi kuyakanso

M'kupita kwa zaka, maparishi atachuluka, ansembe adatenga ntchito zambiri za madikoni, ndipo nyumba za amonke zidatenga ntchito yosamala osauka. Ku Eklezia wa kuzambwe udikoni udatsala ngati sitepe yokwerera ku unsembe. Ndiwo udikoni umene amishonale adafika nao kuno.

Maganizo oubwezeretsa adakula m'nthawi ya masautso, ndipo ena mwa amene adayamba kuwakamba adali ansembe omangidwa m'ndende ya Dachau pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri, m'chikalata cha Lumen Gentium cha pa 21 November 1964, udaphunzitsa kuti madikoni asanjikidwa manja kuti atumikire, osati kuti akhale ansembe, ndipo udalola kuti udikoni ukhalenso udindo wa moyo wonse, woperekedwa ngakhale kwa amuna okwatira. Papa Paulo VI adapereka malamulo ake pa 18 June 1967, ndipo madikoni oyamba a mtundu umenewu adadzozedwa ku Köln mu 1968. Wokwatira ayenera kukhala wa zaka zosachepera 35, ndipo mkazi wake avomere.

Dikoni abatiza, alalika, agawa Ukaristia, adalitsa ukwati, atsogolera maliro ndi kuyang'anira ntchito za chifundo. Sapereka nsembe ya Misa, sakhululukira machimo, ndipo sadzoza odwala. Lero madikoni a moyo wonse apitirira 50,000 pa dziko lonse, koma pafupifupi onse ali ku Amerika ndi ku Ulaya. Gawo la Afrika ndi la mmodzi chabe pa 100 alionse.

8. Nanga akatekista ndi otsogolera miphakati?

Chiwerengero chimenechi n'chodabwitsa, popeza Msonkhano udaganizira kwambiri maiko a mishoni. Chikalata cha Ad Gentes cha 1965, pa ndime 16, chidanena kuti amuna amene agwira kale ntchito za udikoni, polalika ngati akatekista, potsogolera mipingo yakutali m'dzina la bambo mfumu ndi episkopi, kapena pa ntchito za chifundo, kungakhale kwabwino kuwalimbitsa ndi kusanjika manja. Wowerenga mau amenewo angayese kuti adalembedwa ndi munthu wodziwa njira za ku Furancungo.

Pakuti mbiri ya Mpingo kuno ndi mbiri ya nkhosa zosiyidwa kawirikawiri m'manja mwa abusa osadzozedwa. Mishoni ya Lifidzi itangotsegulidwa kumene, boma latsopano la ku Portugal lidathamangitsa Ajezuiti mu 1910. Ansembe a ku Germany amene adalowa m'malo mwao adachotsedwanso mu 1916 chifukwa cha nkhondo. Ajezuiti adabwerera mu 1941, natsegula Fonte Boa mu 1945, ndipo Dayosizi ya Tete idakhazikitsidwa mu 1962. Ufulu utafika mu 1975, boma lidatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishonale ambiri adachoka. Pamenepo Mpingo wa m'dziko lino, pa msonkhano wake waukulu wa ku Beira mu 1977, udasankha kukhala Mpingo wa miphakati, m'mene aliyense ali ndi utumiki wake: wa mau, wa katekisimu, wa odwala, wa maliro, wa mabanja, wa chuma.

Nkhondo itakula, chisankho chimenecho ndicho chidapulumutsa chikhulupiriro. Pa 30 October 1985, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa mapiri omwe ano, ndi Bambo Sílvio Moreira adatengedwa usiku ku Chapotera naphedwa. Anthu ambirimbiri adathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, ena adabisala m'mapiri. Kufikira pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 October 1992, m'midzi yambiri katekista ndiye adasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo tsiku la Mulungu, ndiye adabatiza ana odwala, ndiye adapempherera akufa, ndiye adasunga maina a obatizidwa m'kope lobisika. Ku Guiúa, m'chigawo cha Inhambane, pa 22 March 1992, akatekista ndi a m'mabanja mwao opitirira 20 adaphedwa ali pa maphunziro a utumiki wao.

Kodi anthu amenewa adali madikoni? Yankho loona ndi lakuti ai. Dikoni ndi munthu amene episkopi wamsanjika manja m'Sakramenti la Ukulu, ndipo palibe adzitengera yekha ulemu umenewu, ngakhale atagwira ntchito yotani. Kuwatcha madikoni kungakhale kuwaveka malaya a eni, pamene ali nao ao. Utumiki wao udachokera mu Ubatizo ndi Ulimbitso, ndi m'kutumidwa ndi Mpingo. Pa 10 May 2021 Papa Francisco, m'kalata ya Antiquum Ministerium, adakhazikitsa ukatekista kukhala utumiki wodziwika mu Eklezia yense, wa amuna ndi akazi omwe, nanena kuti mizu yakenso ili m'Chipangano Chatsopano. Koma ndi zoonanso kuti ntchito imene adagwira ndi diakonia yeniyeni, yomwe ija ya Stefano ndi Lourenço, ndipo ena adaisindikiza ndi magazi ao.

Ngati nthawi yafika yoti amuna okhwima a m'miphakati adzozedwe udikoni wa moyo wonse, oweruza ndi Aepiskopi. Pali zoti aziyeze. Mbali ina, midzi yakutali ikadakhala ndi mtumiki wodzozedwa wokhala pakati pao, wobatiza ndi kudalitsa maukwati pa nthawi yake. Mbali inanso, pali mantha akuti munthu mmodzi atavala stola, ena onse angapinde manja, ndipo mphakati umene udaphunzira kuyenda ndi miyendo yambiri ungayambe kutsimphina ndi mwendo umodzi. Palinso funso la maphunziro ake, ndi la chakudya cha banja lake. Akhristu angathe kupempherera nkhaniyi ndi kuikamba mwaulemu, osaisandutsa mpikisano wa mipando.

9. Yankho, ndi zimene lifuna kwa parishi

Tsono yankho la funso lija lili motere. Liu loti diakonos m'Malembo kawirikawiri litanthauza mtumiki aliyense. Koma pa Afilipi 1:1 ndi pa 1 Timoteo 3:8-13 ndi dzina la udindo wodziwika, wolowedwa poyesedwa, woima pambali pa woyang'anira. Ntchito 6 isonyeza m'mene Apostoli adapatulira anthu ku utumiki posanjika manja, ngakhale dzinalo silitchulidwa. Ndipo Eklezia, motsogozedwa ndi Mzimu Woyera, adalongosola pang'onopang'ono zimene Malembo adayamba. Wonena kuti udikoni mulibe m'Baibulo alakwa. Wonena kuti Baibulo lidalemba zonse za udikoni monga uliri lero nayenso aonjeza.

Pa yankho limeneli patuluka zinthu zitatu zoyenera parishi imene iyamba zaka 100 zachiwiri.

Choyamba, muyeso wa Paulo ugwire ntchito posankha aliyense wotumikira. Msungichuma wa mphakati, wogawa Ukaristia, mtsogoleri wa maliro, asasankhidwe chifukwa cha chibale, kapena chifukwa adakolola mbatata ndi fodya wambiri, kapena chifukwa alankhula bwino Chipwitikizi. Afunsidwe mafunso akale aja: lilime lake ndi limodzi kodi? Aima bwanji pamaso pa mowa ndi ndalama? Kunyumba kwake kuli mtendere?

Chachiwiri, mphakati uliwonse udziwe amasiye ake ndi maina ao. Utumiki wa asanu ndi awiri udabadwa chifukwa cha mbale yopanda kanthu ya mkazi wamasiye. Parishi imene imanga tchalitchi chokongola, pamene gogo wa kuseri kwa phiri agona ndi njala osadziwika, yataya chuma chimene Lourenço adaonetsa.

Chachitatu, akatekista okalamba amene akali moyo alemekezedwe akali kumva. Ambiri a iwo adataya nyengo za ulimi chifukwa cha ntchito ya Mpingo, ndipo lero alibe nkhokwe. Achinyamata apite kwa iwo, alembe zimene akumbukira, pakuti mau a akuluakulu akoma akagonera, koma mwini mau sagonera nthawi zonse.

Episkopi aliyense ndi wansembe aliyense adayamba walandira udikoni, ndipo saubvula pokwera sitepe ina. Usiku wa Lachinai Loyera Akhristu aona wansembe akugwada ndi nsalu m'chiuno kusambitsa mapazi a anthu, potsata Ambuye amene adakhala pakati pa ophunzira ake ngati wotumikira. M'menemo ndimo muli chiyambi cha udindo uliwonse mu Eklezia.

Stefano Woyera ndi Lourenço Woyera apempherere parishi ino. Mulungu apatse mpumulo wosatha atumiki ake onse amene adagona, odziwika ndi osadziwika, ndipo autse ena ambiri m'malo mwao. Amen.